Uthenga wa ku Nkando

Robson Nakoma anabadwira m'malayini a esiteti ina ya tiyi kunsi kwa phiri la Mulanje, m'kanyumba ka kampani ka chipinda chimodzi. Bambo ake anachokera kutsidya, ku Mozambique, ali mnyamata, ndipo anathyola tiyi mpaka msana unapindika. Atamwalira, kampani inatenga nyumba yake monga zinkakhalira. Mayi ake anatsatira mwamuna wina kuwoloka Ruo, kunkhondo konkuja, osamvekanso. Ndiye mukamva anthu akunena kuti Robson analibe kwawo, musaganize kuti akumunyoza. Analibedi.

Chimene anali nacho ndi zala. Abale inu, munthu uja ankathyola tiyi! Manja onse awiri ankayendera limodzi pamwamba pa tchire, masamba awiri ndi kansonga, masamba awiri ndi kansonga, n'kumaponyera m'dengu lakumsana osacheuka n'komwe. Akapitawo ankaima kumuonerera. Koma ndani anatchukapo ndi kuthyola tiyi? Pa sikelo ankamuitana ndi nambala ya tikiti, amuyezera, iye n'kubwerera m'munda.

Anakwatira Estele, mtsikana wa m'mudzi wina kuseri kwa Limbuli, n'kukakhala komweko chikamwini. Anamanga nyumba pamalo a mkazi wake, ankalima munda wa mkazi wake, ndipo mwana wamkazi amene anabadwa, Alefa, anali wa mbumba ya mkazi wake. Zonsezi iye ankazidziwa. Ankadziwanso kuti tsiku limene eni mudzi adzatope naye adzatuluka ndi mphasa ndi bulangete basi, mwana n'kutsala. Koma kwa munthu wokulira m'malayini, kukhala ndi khonde loti ukhalepo popanda kapitawo wokuuza tsiku lochoka chinali chinthu chachikulu. Alefa ndiye anali mtima wake. Akaweruka, kamwanako kankamuchingamira panjira n'kumukwera pakhosi, iye kutopa konse n'kuiwala.

Pamudzipo panali anthu awiri amene mawu awo ankalemera. Woyamba anali a Isake, amalume ake a Estele, mwini mbumba, bambo wosalankhulalankhula amene ankagulitsa makaka, chinangwa chouma chija, ndipo anali ndi njinga imene sankabwereka munthu aliyense, ngakhale abusa. Wachiwiri anali mayi ake a Estele. Amenewa ankamukonda mkamwini wawo mwakachetechete. Sankakhala naye pafupi, pajatu apongozi sayandikizana, koma akaphika nyemba za kalongonda mbale ina yovundikira inkapezeka pakhonde la Robson.

Zinthu zinayamba kupotoka pamene a Moffat anabwera kuchokera ku Joni. Anzawo anabwera ndi njinga ndi masuti, iwo anabwera ndi kanema, jenereta ndi matepi. Anachita lendi kachipinda kuseri kwa golosale ina pa Limbuli, kutseka mawindo ndi masaka, kuika mabenchi, vidiyo shoo n'kuyamba. Masiku amenewo dziko lino linalibe siteshoni ya kanema, ndiye anthu ambiri kunali koyamba kuona zithunzi zoyenda pagalasi. Robson analowa kamodzi kuti angoona. Anakapeza kanema wa karati, mmene munali kamunthu kochepa thupi, kosauka, kogwira ntchito yonyozeka, kamene pamapeto pake kanagwetsa zimphona zonse. Anatuluka m'menemo kayendedwe katasintha. Tsitsi lalitali ngati la kamunthuko sakanasunga, lamulo linkaletsa ndipo akanametedwa pamsika anthu akuona, choncho anang'amba kansalu kofiira n'kumamanga pachipumi.

Kenaka a Moffat anatulutsa chinthu china chimene ankati gemu. Kanali kabokosi kolumikiza ku kanema, kokhala ndi tizipangizo tiwiri ta mabatani pa zingwe. Pagalasipo pankaoneka tianthu tiwiri tomenyana, ndipo kamunthu kalikonse kankamvera zala za amene wagwira mabataniwo. Ukamenya iwe, kamenya. Ukachedwa, kagwa. Aphunzitsi anayesa, makalaliki a ku esiteti anayesa, onse zala zinkawakanika ngati akusenda chinangwa ndi supuni. Tsiku limene Robson anagwira, zinthu zinasintha. Zala zake zinali zitazolowera kuona zisanauzidwe ndi maso. Anagwetsa munthu woyamba, wachiwiri, kenaka a Moffat eni ake, ndipo wina kumbuyo anakuwa kuti uyu si munthu koma mphenzi. Dzinalo linamukakamira.

Musamuweruze msanga. Taganizani munthu amene moyo wake wonse wakhala nambala pa sikelo ndi mlendo pamudzi, lero akudutsa pamsika amayi ogulitsa zitumbuwa akunong'onezana kuti a Mphenzi ndi amenewo. Anthu ankachokera ku Muloza, ena ku boma, kudzangoona zala zake. Akalowa, benchi yakutsogolo inkachita kumusiyira malo. Zimenezi zimaledzeretsa kuposa kachasu, ndipo sizinunkha m'kamwa kuti mkazi adziwe msanga.

Koma Estele anadziwa. Mwamuna wake akapambana ankabwera akuimba, kumunyamula Alefa, kumuzunguza m'mwamba. Akagonja, zimene zinkachitika apo ndi apo, ankafika nkhope ili gwaa, chakudya osachikhudza, mwana akamuyandikira n'kumukalipira popanda chifukwa. Choipitsitsa chinali cha zala. Zala zamanthu zinayamba kutuluka matuza chifukwa cha mabatani, ndipo munthu wamkulu ndi ndevu zake anayamba kuzisunga zalazo kuntchito kuti zikagwire bwino madzulo. Ankathyola mwaulesi, kukolola ndi masamba okhwima omwe, pa sikelo n'kumamubweza kuti akasankhe. Chaka china cha chilala, tiyi atauma, kampani inachepetsa anthu, ndipo dzina lake linali m'gulu loyamba. Kumunda nakonso mizere ya anzake inali itatha, yake ili pakati.

A Isake anaitanitsa ankhoswe. Analankhula pang'ono monga mwa khalidwe lawo, kuti iwo sanalandire mkamwini woti azidyetsa mbumba yawo mbiri ya pa Limbuli, ndipo ngati zili choncho bambo a Alefa anyamule mphasa yawo. Amene anamupulumutsa anali apongozi ake aakazi. Atakhala poteropo, nkhope atayang'ana kumbali, anapempha mchimwene wawo kuti amupatse munthuyo mpata wina, poti alibe kolowera ndipo mwana amamukonda. A Isake anavomera, koma ananena momveka kuti ulendo wina sipadzakhalanso zokambirana.

Robson anasiyadi. Kansalu kofiira anakabisa kudenga, n'kugwira khasu. Pa Limbuli ankadutsa cha kuseri, njira ya kuchigayo, kuti asamve kulira kwa jenereta. Koma mtima sunasiye. Akapuma m'munda ankapeza zala zake zikudinadina pa mpini, ndipo nthawi zina ankangokhala duu, Estele akulankhula iye osamva. Ankasowa phokoso lija la anthu okuwa dzina lake, ndipo ankachita manyazi kuti akulisowa.

Mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, apongozi aja anadwala mwadzidzidzi. Anadandaula mutu madzulo, kutacha anali atatisiya. Asanatsirizike anatchula kangapo dzina la Rosie, mwana wawo woyamba, mkulu wake wa Estele, amene anatengedwa ndi mwamuna wake ku Nkando ndipo ankagulitsa tomato pamsika wa kumeneko.

Uthenga wa maliro suyenda ngati nkhani ya mumsewu. Amatuma munthu wodziwika, akafike pakhomo, akhale pansi, anene ndi pakamwa pake kwa mwini maliro, ndipo ntchito imeneyi kawirikawiri imagwera mkamwini. A Isake anatulutsa njinga yawo ija, kuipukuta chishalo ndi dzanja, n'kumupatsa Robson pamaso pa anthu. Aliyense anaona kuti uku kunali kumubwezera ulemu.

"Mukamuone Rosie ndi maso anu," anatero a Isake. "Ndi kutentha kumeneku sitingasunge thupi kupitirira mawa masana. Musaime paliponse."

Robson ananyamuka misozi ili m'maso, chifukwa mayi amenewo anali ngati mayi ake. Ku Nkando n'kutali, kudutsa boma n'kupitirira, koma akanapalasa mwamphamvu akanafika dzuwa lisanapendeke, Rosie n'kukwera basi tsiku lomwelo. Ndipo ndikuuzeni zoona, sanaganize zoima. Kungoti tsikulo linali la msika pa Limbuli, ndipo pamsewu panali anyamata a chipani ofunsa makhadi. Anamuimitsa, iye anatsika n'kuonetsa khadi lake. Mmodzi wa iwo anamuyang'anitsitsa n'kuseka, amvekere kodi si a Mphenzi awa, mwabisala kuti masiku onsewa?

Anthu anamuzungulira nthawi yomweyo. Anamuuza kuti kwa a Moffat kwabwera munthu wa ku Blantyre, wa magalasi akuda, amene kuyambira dzulo lake wakhala akukwapula aliyense, ndipo akunena poyera kuti anthu a ku Mulanje amangodziwa nanazi. Robson anati ali paulendo wa zovuta, apongozi ake amwalira. Anthuwo anapepesa, mwaulemu ndithu, kenaka wina anati gemu imodzi siitenga nthawi, kumwa madzi kumachedwa. A Moffat anatulukira okha n'kugwira chiwongolero cha njinga, akuti aisunga m'golosale. Wina anayamba kuimba dzina lija, ena n'kulandira. Robson anayang'ana msewu wa ku boma, anayang'ana chitseko cha kachipinda kaja. Analowa.

Gemu yoyamba anagonja, poti zala zinali zitauma ndi khasu. Munthu wa ku Blantyre anaseka, osavula n'komwe magalasi. Apa ndiye mutu wa Robson unasiya kugwira. Anapempha ina, anapambana. Mlendoyo anati zangochitika, abwereze. Anabwereza, n'kubwerezanso. M'chipindamo munadzaza mpaka ena anang'amba masaka a pawindo kuti aonere panja, thukuta lili chuchuchu, jenereta ikulira, mafuta akatha anthu n'kusonkherana okha kuti isazime. M'menemo mulibe dzuwa, simudziwa kuti kunja nthawi ili pati. Pamapeto mlendo uja anaika pansi mabatani, kuvula magalasi, n'kumugwira chanza. Anthu anamunyamula Robson pamapewa mpaka pakati pa msika. Moyo wake wonse anali asanakondwepo choncho, ndipo kwa kanthawi ndithu anaiwaliratu kuti kunyumba kuli maliro.

Atamutsitsa, anaona zithunzithunzi za anthu zitatalika pansi, amayi akulongedza malonda. Kupalasa tsopano kukanamufikitsa ku Nkando mdima utagwa kale, nyumba ya Rosie sankaidziwa, ankangodziwa malo ake pamsika. Ali kakasi choncho anaona bambo wina wogulitsa nanazi, mmodzi wa amene anamunyamula, akukweza matumba pa lole yopita ku Limbe kudzera ku Nkando. Anamuthamangira n'kumuuza mwachangu, injini ikulira, kuti akafika akafunse mayi wa tomato dzina lake Rosie, amuuze kuti mayi ake amwalira, maliro ndi mawa. Bamboyo, akumwetulirabe ndi za gemu zija, anati a Mphenzi musadandaule, zimenezo zatheka kale. Lole inanyamuka.

Anagona pa Limbuli pomwepo, m'mawa n'kubwerera kumudzi ngati munthu wochokera kutali. Anapeza anthu atadzaza pabwalo, amayi a mpingo akuimba m'nyumba ya siwa. A Isake anamutengera pambali.

"Mwamuona?"

"Ndawaona, amalume. Akuti akubwera pambuyo, amadikira bambo akunyumba."

Bodza lake linali lalifupi choncho. Ndipo mumtima ankadziuza kuti si bodza lenileni, uthenga wapita, Rosie atulukira nthawi ina iliyonse.

Anadikira. Adzukulu anamaliza kukumba m'mawa, anabwera kudzanena, anabwereranso kukakhala pamithunzi ya kumanda. Nyimbo zinatha, amayi anayambiranso zomwe zija. Mayi aliyense akaoneka patali atasenza kanthu, anthu ankadzuka kuti ndi iyeyo, kenaka n'kukhalanso pansi. Dzuwa linafika pamutu, linapendeka, ndipo m'nyumba muja amayi anayamba kutuluka mmodzimmodzi atagwira nsalu pamphuno. Estele anapempha amalume ake kuti adikireko pang'ono, basi ya masana mwina yachedwa. Anadikira basi ya masana. Kenaka a Isake anadzuka, nkhope itagwa, n'kunena kuti mlongo wawo sangamuchititse manyazi chotere, anyamule.

Robson anali mmodzi wa onyamula bokosi. Kumanda, pamene ana a malemu amaponya dothi, Estele anaponya lake, n'kutapanso lina m'malo mwa mkulu wake, koma dzanja linakana, analitaya pambali. Pobwerera anthu sankanong'ona n'komwe. Ankati Rosie tomato wamulowa m'mutu, ndi mwana wanji wosiya mayi ake aikidwe ngati analibe ana, amenewa ndiwo amati akakwatiwa pamsewu amaiwala kwawo.

Chimene chinamupweteka kwambiri Robson si zonena anthu. Madzulo a tsikulo Estele, maso atatupa, anamufunditsira madzi n'kumubweretsera pabeseni kuti aviike miyendo. Anati inu mwapalasa njinga dzuwa lonse lija chifukwa cha amayi anga, pamene wobadwa nawo m'mimba imodzi walephera kukwera basi. Anati kuyambira lero alibe mkulu wake, amene wamutsalira ndi iyeyo ndi Alefa. Robson anaviika miyendo yosatopayo m'madzimo. Anafuna kuulula zoona, koma anayang'ana mwana wake ali kusewera ndi chitsekerero cha botolo pakhonde, n'kuleka. Masiku otsatirawo, anthu atameta ndi kusesa pabwalo, anadzipeza akupemphera pemphero loipa: kuti wa nanazi uja akhale kuti anafikitsadi uthenga, ndipo Rosie akhale kuti ndi woipadi mtima.

Rosie anabwera sabata yotsatira, cha m'mawa dzuwa litakwera. Anatulukira panjira ya kuchitsime atasenza dengu la tomato, pamwamba pali buledi ndi paketi ya shuga ya mayi ake, atavala chitenje chowala. Estele anali pamtondo, a Isake pansi pa mtengo wa mango, Robson akukonza mpini pakhonde, Alefa ali pamiyendo pake. Paja munthu ndi mlamu wake amaseleulana, ndiye Rosie anayambira patali, akuseka.

"Ali kuti alamu anga otchukawo? Ku Nkando konse nkhani ndi yawo! Wa nanazi wina wakhala akutisimbira pamsika, mpaka kuonetsa ndi zala mmene anamukhaulitsira wa ku Blantyre. Ine ndinati amenewo ndi alamu anga enieni, anthu osakhulupirira. Ndati ndikawaone ndekha, ndiwaonenso amayi."

Palibe amene anadzuka kukamulandira dengu, ndipo ndi chimene chinamuimitsa pakati pa bwalo. Anayang'ana mutu wometa wa mng'ono wake, mutu wa amalume ake, kamutu ka Alefa. Anayang'ana malo akuda pabwalo pamene panayaka nkhuni zikuluzikulu, ndi chitseko cha mayi ake chotseka dzuwa lili pamenepo. Kuseka kuja kunatsalira pankhope kanthawi, kosadziwa kopita.

"Amayi ali kuti?"

Estele anatsamiritsa munsi pamtondo bwinobwino, n'kufunsa ndi mawu otsika kwambiri.

"Achemwali, za gemuzo akuti zinachitika liti?"

Rosie anati tsiku la msika wa pa Limbuli, sabata yathayi, ndipo akuti zinayamba m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Ananena izi maso ali pachitseko chija, n'kufunsanso kachiwiri kuti amayi ali kuti.

A Isake ndiwo anadzuka, kumutula dengu, kumukhazika pansi, n'kukhala naye pansi pomwepo. Anamuuza ndi pakamwa pawo monga uthengawo unayenera kunenedwera. Kulira kumene analira Rosie sindikufuna kukufotokoza. Anagubuduka m'fumbi akuitana mayi ake, akufunsa kuti anamulakwira chiyani kuti amuike osamuuza, ndipo amayi oyandikana nawo, omwe aja ankamunena, anathamangira kudzamugwira akulira nawo mwamanyazi.

Robson anali ataimirira, mpini uli m'manja. Anayamba kufotokoza za makhadi, za lole, za wa nanazi, kuti uthenga anautumiza ndithu, koma mawu ake ankamveka ngati a munthu wina ndipo palibe ankamvetsera. A Isake sanamuyang'ane n'komwe. Panalibe choitanira ankhoswe, zonse zinali zitanenedwa kale.

Estele anamudzutsa mkulu wake n'kumupukuta fumbi kumaso ndi nsalu yake, akumupepesa mobwerezabwereza, poti iye yekha ankadziwa zimene anamunenera. Anati tiyeni ndikakuonetseni pamene agona. Kenaka anabwera pakhonde n'kumugwira Alefa padzanja. Sanakuwe, sanatukwane.

"Ndinakuviikani miyendo ine," anatero. "Tikamabwera kumanda tisakupezeni pano."

Ananyamuka atatu, Rosie atatsamira paphewa la mng'ono wake. Robson anaitana mwana wake kamodzi. Alefa anacheuka, akufuna kubwerera, koma Estele anaika dzanja pakamutu kometa kaja n'kukatembenuzira kutsogolo, ndipo anapitirira choncho mpaka anakhota kuseri kwa nthochi.